Chidindo cha Sukulu ndi Mapeyala a Esinati

Abale anga a kuno ku Sinda, ndakuonani mukulowa. Ena mapepala anu a malo mwawakulunga m'pulasitiki ya shuga, ena mwawapinda pakati pa Baibulo, ndipo bambo akhala pakhomowo sanatulutse dzanja m'thumba la jekete chilowereni. Asungeni kaye, tiwaona pamodzi ndikatha kulankhula. Koma ndinene poyera, lero sindinabwere kudzakusangalatsani. Ndine munthu wokwiya, ndipo amene ndamukwiyira kwambiri ndi uyu waima pamaso panuyu.

Dzina langa ndine Gidiyoni Phiri. Ndinagwira choko zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo zaka khumi zomaliza ndinali hedi pa kasukulu kena kupitirira Vubwi, kufupi ndi malire. Amayi avala duku lobiriwira kutsogoloku ndi akazi anga, a Esinati. Nkhaniyi ndi yawo kuposa yanga, koma iwo sakonda kulankhula pagulu, ndiye andilola kuti ndidzichititse manyazi ndekha.

Kumudzi mukudziwa, hedi si wa ana okha. Wofuna kulembera mwana wake kumigodi, kwa ahedi. Wofuna kudzaza fomu ya feteleza, kwa ahedi. Ndiye anthu akagulitsana munda kapena dimba ankabweranso kwa ine. Ndinkang'amba pepala pakati pa kope latsopano n'kulemba ndi dzanja langa lokongola lija: ine uje ndagulitsa munda wanga kwa uje, kuyambira pachulu kukafika pamtengo wa mpundu. Mboni ziwiri zinkasaina, wosatha kulemba ankadinda chala. Kenako ndinkatsegula dirowa, n'kutulutsa chidindo cha sukulu, n'kuchiuzira mpweya, phaa, pansi pa pepala. Anthu akamva kulira kwa chidindocho nkhope zinkamasuka. Ankandisiyira nkhuku, n'kumapita akuuzana kuti zatheka, boma ladziwa. Ine sindinawauzepo kuti boma silikudziwa kanthu. Ndinkamva kukoma akamati ahedi athu ndi loya.

Moyo wa mphunzitsi ndi wa katundu pamutu. Tinakhala m'nyumba za sukulu zisanu ndi imodzi, ndipo paliponse a Esinati ankabzala mtengo wa zipatso. Mtengowo ukangoyamba maluwa, kalata yotisamutsa yafika. Mango awo anadya ndi akazi a aphunzitsi ena, mapapaya awo chimodzimodzi. Tsiku lina akutsuka mbale anandiuza kuti, "A Phiri, ine sindikupemphani galimoto. Ndikungofuna ndidzadye chipatso cha mtengo wobzala ine, pakhomo poti munthu sangandisamutse." Ndinawalonjeza, ndipo ndinalonjeza mwamatama ngati munthu wopereka kanthu kakang'ono.

Itayandikira nthawi yopuma ntchito, ndinapita kumsonkhano wa akulu a mpingo ku Katete. Kumeneko ndinakumana ndi bambo amene ndiwatchule kuti a Lazaro Mbewe. Dzinalo ndasintha, chifukwa ana awo alibe mlandu. Anali mkulu wa mpingo ngati ine, woimba besi, wopemphera mpaka amayi kuyamba kulira. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho. Anandikokera pambali n'kunena kuti ali ndi puloti m'tauni momwemo, pali nyumba ya njerwa yofika pamwamba pa mawindo, yopanda denga. "Ndikaiona imandikumbutsa malemu," anatero. "Bola ipite kwa mwana wa Mulungu mnzanga kusiyana n'kuti ipite kwa akunja."

Tinapita kukaiona ndi a Esinati. A Mbewe anatiyendetsa m'malire akuloza ndi ambulera, apa mpaka apo, apo mpaka apa. A Esinati anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Funsani taitolo." Taitolo ndi pepala lija la boma losonyeza dzina la mwini malo. Ndinafunsa, koma motsitsa mawu ngati ndikupempha mchere. A Mbewe anaima, n'kuvula chipewa, n'kundiyang'ana ndi maso achisoni.

"Mapepala ali m'sutikesi kwa alamu anga, ndidzabweretsa. Koma a Phiri, kodi tafika pamenepa? Timadya mgonero pagome limodzi, lero mukundifunsa ngati wakuba?"

Abale, ndinapepesa. Ine amene ndinali nditagulitsa ng'ombe zanga zonse zisanu ndi zitatu kuti ndimupatse munthuyo ndalama, ndinagwira chipewa m'manja n'kupepesa. Nthenda yathu ndi imeneyi ife anthu a mpingo. Mbuzi pamsika timaiyang'ana mano, koma nyumba tikamagula kwa mbale timachita manyazi kufunsa.

Kalata yogulitsirana ndinalemba ndekha. Ndikanapitanso kwa ndani, loya ndili ine? Akulu a mpingo awiri anasaina ngati mboni. Chidindo cha sukulu ndinali nditabwera nacho m'chikwama, ndipo ndinadinda kawiri kuti chioneke bwino. Kenako tinagwirana manja pakona ya puloti, a Mbewe n'kupemphera pemphero lalitali lodalitsa khomo langa latsopano. Ndinanena ameni mokweza kuposa onse.

Penshoni itatuluka yonse inalowa m'nyumbamo. Malata, zitseko, magalasi, simenti ya pansi, magetsi, chimbudzi chakuseri. Tsiku limene tinalowa, a Esinati sanayambe ndi kupachika makatani. Anatenga khasu n'kukabzala mbande zitatu za mapeyala kuseri kwa nyumba. Tinakhalamo zaka ziwiri. Ndikakumana ndi a Mbewe kutchalitchi n'kufunsa za mapepala aja, yankho linali lakuti alamu apita ku Petauke, akabwera. Alamuwo sanabwere mpaka lero.

Loweruka lina m'mawa kunafika mayi wina wa zaka ngati makumi anayi, atanyamula envulopu yaikulu. Anaodira bwinobwino. "Ndine Tisaine, nikhala ku Lusaka. Amayi anga ndiwo anali eni puloti ino. Manje nifuna kudziwa, atate, anakulowetsani muno ndani?" Anali mwana wa malemu akazi a Mbewe, wa banja loyamba la mayiwo. Anatulutsa taitolo. Dzina linali la mayi ake, amene anagula malowo ndi ndalama zawo za geni ya nsomba asanakwatiwe n'komwe ndi a Mbewe. Anatulutsanso pepala la kukhoti lomuika iyeyo kukhala woyang'anira chuma cha malemu. A Mbewe dzina lawo silinali pena paliponse.

Mayiyo sanabwere ndi nkhondo, izi ndiyenera kuvomera. Anati tikhale pansi tikambirane. Ine ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalata yanga, n'kumupatsa monyada. Anaiwerenga mpaka pansi, kenako anati, "Atate, koma iyi ni sitampa ya sukulu." Ndinamuuza kuti ndaphunzitsa anthu akuluakulu kuposa iye, kuti asabwere ndi mwano wa ku Lusaka pakhomo panga, kuti tikaonana kukhoti. A Esinati anali atatulutsa mpando kuti mlendo akhale, ine ndinaukankha ndi phazi. Tisaine anabweza mapepala ake mu envulopu n'kumapita.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga, Tisaine anakandisumira. Anzanga anati ndipeze loya, ine ndinati ndilipire munthu kuti akandilankhulire Chizungu chimene ndakhala ndikuphunzitsa moyo wanga wonse? Ndinavala suti n'kupita kukhoti ku Chipata ndekha. Woweruza anandifunsa ngati ndinapita kuofesi ya za malo kukaona dzina la mwini puloti ndisanalipire. Ndinati ayi. Anafunsa ngati wondigulitsayo anali ndi pepala lililonse lomupatsa mphamvu yogulitsa. Ndinati ndi mkulu wa mpingo. Kenako ananyamula kalata yanga ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Nanga chidindochi chikuchitira umboni chiyani, kuti puloti yakhoza mayeso?" Anthu anaseka mpaka wapolisi anawaletsa. Chigamulo chinali chakuti tituluke pasanathe miyezi itatu, ndipo ngati ndili ndi dandaulo ndikalondole amene anandigulitsa.

Ndinamulondola. Ndinamupeza pamsika wa Katete akugula nshawa, atavala nsapato zatsopano, chifukwa anali atakwatiranso. Ndinati, "A Mbewe, nyumba ija andilanda." Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Pepani a Phiri, ana a masiku ano alibe ulemu. Tizisiye m'manja mwa Ambuye." Pampu ya njinga inali m'manja mwanga. Ndinawamenya nayo kumutu, amayi ogulitsa nshawa akuona, ndipo ndinamenya kangapo. Anasokedwa kuchipatala, ine ndinalowa m'ndende miyezi inayi. Hedi wathunthu ndinkanyamula chidebe cha zonyansa m'mawa uliwonse, n'kumakalima mizere ndi anyamata oba mbuzi. Kumpingo anandiimitsa chifukwa chokhetsa magazi, ndipo sindikutsutsa, ndinalakwa. Koma za a Mbewe anati nkhani yawo ikufufuzidwa, ndipo pamene inkafufuzidwa iwo ankaimbabe besi Lamulungu lililonse. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, sindibisa.

Nditatuluka ndinapeza a Esinati ali kwa mng'ono wawo kufupi ndi Mkaika. Ankagona m'kanyumba kophikira, mipando yathu ili panja yofunditsidwa tenti, chiswe chikudya miyendo ya tebulo. Munthu wa imvi ngati ine ndinasanduka wodyera kwa alamu. Sindinkatha kuyang'ana munthu m'maso, ndiye ndinapeza malo oti anthu sayang'anana m'maso. Kuseri kwa msika kuli amayi ena ophika kachasu, ndipo ine ndinkafika tambula zisanatsukidwe. Ndinagulitsa suti ija ya kukhoti. Ndinagulitsa mabuku anga kwa okulungira zitumbuwa. Tsiku lina ndinadzidzimuka ndili m'ngalande m'mbali mwa msewu waukulu, dzuwa lili paliwombo, anthu otsika minibasi akundilambalala. Aliyense wofuna kundimvera ndinkamuuza za a Mbewe, m'mawa a Mbewe, masana a Mbewe. Ndinali nditapeza munthu womusenzetsa zonse, ndipo zinkandikomera.

A Esinati sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Lachiwiri ndi Lachisanu ankabwereka njinga ya alamu n'kupita ku Katete. Ndinkaganiza kuti amapita kumsika. Kenako ndinamva kuti nyumba ija inali yokiya, Tisaine anasiya makiyi a geti kwa mayi woyandikana nayo, ndipo mayiyo ankawatsegulira a Esinati kuti akathirire mapeyala aja. Nditamva ndinawaseka nditaledzera. Ndinati, "Mukupalasa njinga mtunda wonsewu kukathirira mitengo ya eni?" Iwo anangoti, "Mitengoyo sidziwa za kukhoti, ikudziwa kuti kwatentha." Anatenga chidebe chawo n'kumapita.

Tsopano ndifike pa tsiku limene nzeru zinandibwerera, ndipo apa ndiyenda pang'onopang'ono. Linali Lachitatu, chakum'mawa ndithu. Ndinali pabenchi kwa amayi a kachasu aja, tambula yachiwiri ili m'manja. Ndinaona a Esinati akulowa pampanda, malo amene chibadwire anali asanapondepo. Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wokalamba, fumbi lili mbuu m'miyendo. Ndinamuzindikira. Anali a Velonika Mwale, mayi wamasiye wa kumudzi kuja ku Vubwi, amene ankalera adzukulu anayi. Anali atakwera lole ya thonje, kenako minibasi, akufunsa njira mpaka anapeza akazi anga.

Mayi uja anagwada. Pamalo ponunkha matsokwe ndi mikodzo paja, pamaso pa zidakwa, anagwada n'kuomba m'manja ngati wafika muofesi yanga. Anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kapulasitiki ka shuga, n'kumasula pang'onopang'ono. M'katimo munali pepala lopindidwa kanayi.

"Ahedi," anatero, "kwathu kwamveka zoti pepala lanu analikana kukhoti. Ine ndinawatsutsa, ndinati ahedi salemba zabodza. Koma tsopano kwabwera abale a mkazi wa bambo uja anandigulitsa munda. Akuti mundawo ndi wa mbumba yawo, iye anali mkamwini chabe, analibe mphamvu yogulitsa. Akuti chaka chino ndisalime. Ndiye ndabwera kuti mupite mukawauze kuti pali chidindo."

Ndinalandira pepalalo. Dzanja linali langa, zilembo zopendekeka bwino zija zimene ndinkanyadira. Kuyambira pachulu kukafika kumtsinje. Chala cha a Velonika chinali pansipo, ndipo pambali pake chidindo cha sukulu, chozungulira, chooneka bwino. Ndinakumbukira tsiku limene ndinalemba. Ndinakumbukira nkhuku yathadzi yofiira imene anandisiyira. Ndipo ndinakumbukira chinthu china chimene chinandithetsa mowa nthawi yomweyo. Ine ndinkadziwa kuti bambo wogulitsayo anali mkamwini. Mudzi wonse unkadziwa. Ndine Mchewa, ndikudziwa kuti munda wa kuchikamwini ndi wa akuchikazi, mwamuna amangolima. Koma sindinafunse, chifukwa kufunsa kukanachedwetsa mwambo wanga wa chidindo. Chaka chonse ndinali ndikutukwana a Mbewe, pamene mayi uyu anagulitsa mbuzi zake zonse chifukwa chokhulupirira dzanja langa.

Ndinati, "Mayi, dzukani." Sanadzuke. Ndinati, "Mayi, chidindochi chimangonena kuti ine ndinali hedi wa sukulu. Za munda wanu sichidziwa kanthu. Pepalali silingakutetezeni."

Sanalire, sanakweze mawu. Anatenga pepala lija n'kulipinda bwinobwino m'mizere yake yakale, n'kulibweza m'kapulasitiki. Kenako anafunsa kuti, "Nanga nkhuku ija, ahedi, inali ya chiyani?"

Woweruza anandichititsa manyazi pagulu sindinasweke. M'ndende ndinanyamula zonyansa sindinasweke. Koma funso la nkhuku linandilowa mpaka m'mafupa. A Esinati anandilanda tambula n'kuthira kachasuyo pansi, n'kunena kuti, "Dzukani mukasambe. Mawa tonse atatu tikupita ku Chipata, mukafunse zimene munayenera kufunsa kalekale."

Tinapita. Loya amene tinamupeza anali mayi wachikulire wa magalasi, a Tembo. Ndalama yoti atimvere ndi kutilangiza inali yochepa kuposa mtengo wa mbuzi imodzi. Mbuzi imodzi, abale, pamene ine ndinataya ng'ombe zisanu ndi zitatu, penshoni ndi dzina langa. Anatimvera osatidula mawu. Atatha anandiuza kuti ndikanabwera ndisanalipire, akanayamba n'kufufuza kuofesi ya za malo, ndipo dzina la malemu likanatulukira pomwepo. Anati mwini malo akamwalira, amene angagulitse ndi yekhayo woikidwa ndi khoti kuyang'anira chuma, ndiponso iyeyo sagulitsa mwa yekha ngati akugulitsa tomato. Mwamuna wa malemu akhoza kukhala ndi gawo lake pa chumacho, koma gawo si chilolezo chogulitsa nyumba yonse. Anati malo a taitolo sasintha mwini chifukwa mwagwirana chanza. Pamafunika pangano lolembedwa ndi wodziwa malamulo, chilolezo cha boma, msonkho wake ulipiridwe, kenako dzina lisinthidwe m'kaundula. Dzina lisanasinthe, ngakhale mutakhoma malata a golide, mukukongoletsa nyumba ya wina.

Za a Velonika anati njira yake ndi ina, chifukwa munda wawo uli m'dziko la mafumu, ulibe taitolo. Kumeneko mphamvu ili kwa eni mbumba ndi mafumu, ndiye tibwerere komweko tikakambirane. Ndinapita nawo ku Vubwi. Ndinaima pamaso pa amayi a mbumba ija, ena mwa iwo ana anga a sukulu, n'kunena kuti wolakwa ndine, mayiyu anagula ndi mtima woona. Tinakambirana masiku awiri. Anamusiyira munda wakumtunda kuti azilima ndi adzukulu ake, koma dimba la kumtsinje analanda, ndipo dimbalo ndi limene linkamupatsa ndiwo ndi sopo. Zimene anagwirizanazo zinalembedwa mafumu akudziwa, eni mbumba onse atavomera. A Velonika amandipatsa moni tikakumana, koma sanditchulanso kuti ahedi.

Nditachoka pamenepo ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinkakumbukira kuti ndinawalembera. Ena anandithokoza, ena anandithamangitsa. Bambo wina anati ndimubwezere nkhuku yake, ndipo ndinakagula n'kumubwezera. Mowa sunandisiye msanga, ndisakunamizeni. Ndinagwa kawiri. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinasiya kudutsa njira ya kuseri kwa msika, ndalama zonse zinkakhala ndi a Esinati, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakhala ndi khomo loti ndikagogode. Patapita nthawi mpingo unandibwezera, ndipo ndimakhala kumbuyo.

Kunatsala nyumba. A Tembo analembera Tisaine kalata, koma anandiuza kuti kalata yokha siikwanira, ndikapepese ndi pakamwa panga. Tisaine atabwera tinakumana muofesi ya a Tembo. Ndinapepesa chifukwa cha mawu anga ndi mpando uja ndinaukankha. Iye anati, "Atate, ine sininabwere kukuchotsani tsiku lija. Ninabwera kuti timvane, munanithamangitsa ndimwe. Koma aneba ananiuza kuti amayi awa amabwera na njinga kuthirira mitengo. Ndiye chifukwa chake nabwera." Kugulitsa anakana, chifukwa nyumbayo ndi ya iye ndi ang'ono ake, ndipo ngakhale akanalola ine ndinalibenso ng'ombe. Anavomera kutibwereketsa zaka khumi. Denga ndi zonse zimene ndinaikamo anaziwerengera ngati lendi ya zaka zoyambirira.

Apa ndi pamene ndinaona koyamba mmene pepala lenileni limalembedwera. A Tembo analemba kuti ndani akonze denga likadontha, ndani alipire za kukhonsolo, lendi ingakwere liti, ndipo wina akafuna kuthetsa pangano achenjeze mnzake miyezi ingati. Anati popeza n'kubwereka kopitirira chaka chimodzi, panganolo likalembetsedwe kuofesi ya za malo, kuti ngakhale nyumba itadzasintha manja ife tisadzatulutsidwe ngati mbuzi m'dimba. Anawerenga ndime iliyonse m'Chizungu, n'kuimasulira m'chinenero chathu, n'kufunsa aliyense ngati wamva. Ine amene ndinkamaliza kalata yogulitsira munda m'mizere isanu ndinakhala pamenepo thukuta lili kamukamu.

Pomaliza anafunsa ngati pali china choti chilowe. Ine ndinati palibe. A Esinati anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Mulembe za mapeyala," anatero. "Ali atatu kuseri. Asadulidwe, ndipo zipatso zake ndizithyola ine." Tisaine anaseka, kenako anapukuta maso. A Tembo sanaseke. Analemba, ndipo inakhala ndime yachisanu ndi chinayi.

Ndiye ndikupemphani, inu amene mukufuna kugula kapuloti ndi ndalama za thonje kapena za penshoni. Musapereke ngakhale ngwee musanaone taitolo ndi maso anu, ndipo dzina lili pamenepo lifanane ndi la pachitupa cha munthu waima pamaso panuyo. Mukaona, musakhutire, pitani mukafufuze kuofesi, chifukwa pepala likhoza kukhala lakale kapena lopanga. Malire asakulozereni ndi ambulera, itanani wopima malo akuonetseni zikhomo zake. Ngati ndi munda wakumudzi, musamve za mwamuna yekha, kafunseni amayi a pamudzipo ndi mafumu. Ndipo munthu akakwiya chifukwa mwamufunsa pepala, akayamba kukukumbutsani za mgonero ndi ubale, bwezani ndalama m'thumba muzipita. Munthu woona sakwiya ndi funso limenelo. Ine ndinapepesa, inu musadzapepese.

Chaka chino mapeyala aja abereka koyamba. A Esinati anathyola limodzi, analisunga m'gaga mpaka linapsa, analidula pakhonde n'kuwaza kamchere. Theka anandipatsa ine. Iwo anadya lawo pang'onopang'ono, akumwetulira, mpaka kupala khungu ndi supuni. Langa ndinangoligwira m'manja. Mayi ameneyu ananditsatira m'nyumba za eni zaka makumi atatu, ndinamulonjeza khomo loti munthu sangamusamutse, ndipo lero akudya chipatso cha mtengo wake chifukwa ndime yachisanu ndi chinayi yamulola. Pa zaka khumi zija zatsala zisanu ndi ziwiri. Iwo saziwerenga, amati n'zokwanira kudya mapeyala ambiri. Amene ndimawerenga ndine.

Tsopano tulutsani mapepala anu aja. Amene ali ndi chidindo cha sukulu ayambe ndiwo kubwera kutsogolo.